Wantchito Akachitidwa Opaleshoni, Adya Chiyani?

Munthu akatuluka m'chipatala atachitidwa opaleshoni, sikuti wachira. Chilonda chikadali ndi ulusi. Dokotala amamuuza kuti: pitani kunyumba, musanyamule zolemera, musagwire khasu. Wina amagona masabata awiri, wina mwezi wathunthu kapena kupitirira. Koma kunyumba ana akufuna nsima tsiku ndi tsiku. Ndiye tifunse: masiku amene wantchito ali chigonere, ndalama zichokera kuti?

Nthawi ya atsamunda, wogwira chibalo akadwala ankangomubweza kumudzi n'kugwira wina. Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Mu 1989 kunadza lamulo lokhazikitsa thumba la antchito. Bungwe losunga thumbali ndi Instituto Nacional de Segurança Social. Mwachidule timati INSS. Tiyeni tizilembe zilembo zinayizi pa bolodi, chifukwa tidzazipeza pa pepala la malipiro.

Thumbali limadzaza chonchi. Mwezi uliwonse, pa mametikali 100 alionse a malipiro, wantchito amapereka 3 ndipo bwana amaonjezapo 4. Zonse pamodzi ndi 7. Bwana ndiye amadula gawo la wantchito, n'kuphatikiza ndi lake, n'kutumiza ku INSS. Choncho ndalama imene munthu amalandira akadwala si mphatso ya bwana ayi. Si chifundo cha kapitawo. Ndi nkhokwe imene iye mwini wakhala akuthiramo chimanga. Munthu sagwada popempha chimanga cha m'nkhokwe yake.

Kodi amalandira zingati?

Malamulo a INSS a chaka cha 2017 anaika 70 pa 100 ya malipiro a tsiku. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze bambo wina wonyamula mabelo a fodya ku Tete. Amalandira mametikali 9,000 pa mwezi, ndiye kuti 300 pa tsiku. Wachitidwa opaleshoni ya phudzi. Pa tsiku lililonse limene dokotala wamuletsa ntchito, INSS idzamupatsa 210. Masiku 20 ndi mametikali 4,200. Ndi zochepa poyerekeza ndi malipiro ake, izi tisabise. Koma ufa ndi mchere zigulika, ndipo mbuzi ya pakhomo siigulitsidwa motchipa chifukwa cha njala.

Pa matenda wamba, masiku atatu oyamba salipidwa. Amene wagonekedwa m'chipatala sadikira masiku atatuwo. Thandizoli likhoza kupitirira mpaka masiku 365. Ngati munthu sanachirebe, madokotala amamuyeza kuti aone ngati ayenera penshoni ya munthu wolephera ntchito.

Pali chinthu chimodzi chimene tisasokoneze. Ngati munthu wavulala pa ntchito penipeni, monga kuphwanyidwa mwendo ndi makina ku mgodi wa malasha ku Moatize, imeneyo ndi nkhani ina. Wolipira ndi bwana, kudzera mu inshuwaransi imene lamulo limamukakamiza kukhala nayo. Pano tikunena za matenda amene sanabwere ndi ntchito.

Pamene ambiri amagwera

Thumba silitsegukira aliyense. Wantchito ayenera kukhala atalembedwa ku INSS, ali ndi nambala yake. Ayeneranso kukhala atapereka miyezi 6 m'chaka chimene chapita asanadwale, kaya motsatizana kaya modumphadumpha. Anzathu a ntchito za nyengo, amene amalembedwa nthawi ya fodya yokha, awerenge bwino miyezi yawo.

Tsopano apa mpamene pagona nkhani. Alipo mabwana ena amene amadula 3 ija mwezi ndi mwezi, koma ku INSS satumiza. Pepala la malipiro likuonetsa kuti ndalama yadulidwa. Wantchito ali phee, akuti zonse zili bwino. Tsiku limene wapita ku ofesi atagwira pamimba, amuuza kuti dzina lake lilibe kanthu. Bwana wotere akulakwira lamulo, ndipo ife timati ndi wakuba ngati wakuba wina aliyense. Koma mlandu umatenga nthawi, pamene wodwala akufuna phala lero.

N'chifukwa chake kufufuza kuyenera kuchitika munthu akadali woyenda. Opaleshoni zambiri, monga ya phudzi kapena ya chotupa, dokotala amanena tsiku lake pasadakhale. Masiku odikirawo tipite ku ofesi ya INSS, ku Tete, ku Lichinga kapena ku boma lathu ngati ofesi ilipo, titanyamula khadi ndi chitupa. Tifunse kuti: miyezi yanga yalowa ingati? Ngati ikusowa, tikadziwitse komiti ya sindikato ya pa ntchito pathu, kapena oyendera ntchito a boma, a Inspecção do Trabalho. Tisapite tokha ngati tikuopa. Kawirikawiri bwana amene sanatumize za munthu mmodzi sanatumizenso za anzake onse.

Chachiwiri ndi pepala la kuchipatala. Pa Chipwitikizi amati atestado médico. Popanda pepalali, masiku athu amaoneka ngati tajomba. Tisatuluke pa chipata cha chipatala tisanalipemphe. Tiliwerenge tokha pomwepo: kodi dzina lalembedwa monga lilili pa chitupa? Kodi tsiku loyamba ndi lomaliza akuoneka? Kodi chidindo chilipo? Chilembo chimodzi cholakwika chikhoza kutibweza ulendo wa tsiku lathunthu, pa njinga, ndi chilonda chosapola. Pepalalo lifike msanga ku ntchito. Ngati wodwala sangayende, alitumize ndi mkazi wake, mwamuna wake kapena mbale. Masiku akatha chilonda chisanaume, tibwerere kwa dokotala kuti aonjezere. Tisaonjezere tokha. Matenda akatalika, bwana ali ndi ufulu wotitumiza ku gulu la madokotala lotchedwa Junta de Saúde kuti litiyeze, ndipo tisakane.

Ena amabwerera ku ntchito masiku asanakwane, poopa kuti malo awo atengedwa. Kujomba chifukwa cha matenda, pepala la dokotala lilipo, lamulo la ntchito limakuvomereza. Koma chilonda cha pamimba sichimva za mantha athu. Munthu akanyamula thumba la makilo 50 msanga, chikhoza kutseguka, ndipo agonanso nthawi yaitali kuposa poyamba.

Nanga ife olima munda wathu, osoka zovala, ogulitsa pa msika, amene tilibe bwana? Nafenso tikhoza kulembetsa ku INSS monga odzigwirira ntchito tokha. Kusiyana kwake n'kwakuti 7 yonse ija timapereka tokha.

Ntchito ya m'kope: Mayi wina amalandira mametikali 12,000 pa mwezi. Dokotala wamupatsa masiku 30. Pezani malipiro ake a tsiku, ndipo muwerengere ndalama zimene INSS idzamupatsa.