Tikiti ya pamsika: ndalama yanu imapita kuti?

Amalonda anzanga, sabata ino tiike kaye pambali mitengo ya tomato ndi anyezi, tikambe za kapepala kamene timalandira tsiku lililonse tikangoyala katundu. Mayi wa usipa ku Ndirande, bambo wa kaunjika ku Bangwe, mnyamata wa chiwaya ku Zingwangwa, onsewa amadula tikiti ya khonsolo, malonda ayende kapena asayende. Ambiri timangoti ndi msonkho basi, kapepalako n'kutaya. Koma amene amagulitsa masiku 6 pa sabata amadula matikiti 312 pa chaka. Chulukitsani ndi mtengo wa tikiti ya pamsika wanu, muona kuti ndi mpamba woyambira geni ina. Ndalama yotere ndi yofunika kuilondola.

Mphamvu zotolera ndalamayi khonsolo ya mzinda wa Blantyre imazitenga m'lamulo la maboma aang'ono la 1998, lomwe lidabwera limodzi ndi ndondomeko ija ya mphamvu ku anthu. Kupatula matikiti a m'misika, khonsolo imapezanso ndalama ku msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za mabizinesi, malo oimikapo galimoto, komanso thandizo lochokera ku boma. Lamulo lomwelo lidaisenzetsa ntchito: kusamala misika, kuchotsa zinyalala, kuyang'anira zimbudzi za anthu onse, kukonza ngalande ndi misewu ya m'makwalala, ndiponso kuzimitsa moto. Choncho tikiti ili ngati pangano. Inu mwalipira, khonsolo nayo ili ndi ngongole kwa inu.

Nanga bwanji mulu wa zinyalala umatha masabata uli pakhomo pa msika? Zifukwa zilipo zingapo. Choyamba, mzinda wakula msanga kuposa misika yake. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mu Blantyre muli anthu pafupifupi 800,000, ndipo ambiri amakhala m'madera amene nyumba zidayamba kumangidwa misewu ndi ngalande zisanalembedwe. Chinyalala chochoka ku Chilomoni kapena ku Machinjiri chimayenera kukafika ku mtaya wa Mzedi, ndipo ulendo umenewo umafuna galimoto yamoyo, mafuta ndi antchito.

Chachiwiri chili m'manja mwathu momwe. Tonse timaudziwa mchitidwe wopatsa wotolera ndalama theka la mtengo kuti adutse osadula tikiti. Tsiku limenelo umaona ngati wapulumutsa kanthu, koma ndalamayo yalowa m'thumba la munthu. M'mabuku a khonsolo msika wanu umaoneka ngati wa anthu ochepa, ndipo pogawa mabini ndi galimoto umakhala kumapeto kwa mzere.

Chachitatu ndi mkangano wakale wa am'kati ndi apanja. Wa m'kati mwa msika amalipira, koma kasitomala amathera kwa amene wayala m'mbali mwa msewu pafupi ndi siteji ya minibasi. Wam'katiyo akatopa nayenso amatuluka, ndipo ndalama za msika zimatsika. Mu April 2006, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, boma lidachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda pa ntchito ija ya Operation Dongosolo. Misewu idayera ndithu, koma patapita zaka anthu adabwereranso, monga tikuonera ku Limbe ndi m'tauni. Madzi saiwala khwawa. Munthu amayala pomwe pali ogula, ndipo kuthamangitsana sikutha ngati m'misika mulibe malo okwanira, madzi ndi chimbudzi chabwino.

Wina anganene kuti ukhondo ndi nkhani ya azaumoyo, ife zathu ndi malonda. Takumbukirani kolera amene adayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa, ndipo akuluakulu adaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'malo ambiri. Amene adalira koyamba ndi amayi a mandasi, zitumbuwa ndi zibwente, pamodzi ndi anyamata a kanyenya. Mpamba udadyedwa, ngongole ya kubanki m'khonde ili chidikirire. Mvula ikayamba ngalande zili zotsekeka ndi majumbo, chimbudzi chitadzaza, geni yoyamba kutsekedwa ndi yathu.

Ndiye tikadandaule kwa yani? Dera lililonse lili ndi khansala amene mudamuvotera. Makhansalawo ndiwo amavomereza bajeti ya khonsolo ndi malamulo aang'ono okhudza misika, ndipo meya amasankhidwa pakati pawo. Osaiwala kuti kuyambira 2005 mpaka chisankho cha pa 20 May 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo wamalonda adalibe womuyankhulira m'khonsolo. Lero mpandowo uli ndi mwini wake. Kungomuona pamaliro ndi pa kampeni n'kudzimana tokha.

Nazi zoti muchite kuyambira mawa:

Dulani tikiti yonse ndipo muisunge. Onani ngati ili ndi dzina la khonsolo ndi nambala. Ikani m'kathumba kapulasitiki pamodzi ndi kope lanu la malonda. Tsiku la mkangano wa benchi kapena la kusamutsidwa, matikitiwo ndiwo umboni woti ndinu wa pamsikapo.

Lembani madandaulo, musangolankhula. Komiti ya msika ilembe kalata yonena vuto, tsiku limene lidayamba ndi chiwerengero cha amalonda okhudzidwa. Ina ipite kwa woyang'anira msika, ina kwa khansala, ina ku maofesi a khonsolo ku Civic Centre, ku Chichiri. Ina yotsala muzisunga itadindidwa.

Dziwani nthawi yolankhulira. Chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 April. Pempho la chimbudzi, shedi kapena mpopi lifike miyezi ingapo izi zisanachitike, bajeti ikadali pa moto. Likafika bajeti itadutsa, yankho lake ndi "dikirani chaka chamawa".

Funsani mawerengero. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Komiti ili ndi ufulu wofunsa kuti msika wanu umatolera zingati pa mwezi, ndipo zabwererapo zingati.

Lozani chala pamalo oyenera. Madzi ndi a Blantyre Water Board, magetsi ndi a Escom. Mpopi wa pamsika ukauma, fufuzani kaye ngati ndi paipi yophulika kapena bilu yosalipidwa, ndiponso woyenera kulipira ndani.

Pomaliza, sesani pabenchi panu. Masamba ofota ndi makoko a nthochi muziika padera ndi mapulasitiki, poti alimi a m'madimba amawafuna pa manyowa. Komiti imene msika wake ndi wosesa imalankhula ndi mphamvu ikafika pamaso pa khansala, chifukwa mbali yake ya pangano yakwaniritsa.

Sabata yamawa tibwereranso ku mitengo. Pakadali pano, kapepala kaja musatayenso.