Mmene masampulo a ku Mzimba amakwerera ndege

Magazi, makhololo, chimbudzi cha wodwala, ngakhale tizilombo ta m'nkhalango tovikidwa m'mankhwala, zonsezi zikafuna kukayezedwa kunja kwa dziko zimayenda pa ndege motsata malamulo a katundu woopsa. Malamulowa amachokera ku ICAO, bungwe la United Nations loona za maulendo a pandege, ndipo makampani a ndege amawatsatira kudzera m'buku la bungwe lawo la IATA lomwe limatuluka chaka ndi chaka. Kuchepa kwa chinthu sikuchichotsa pansi pa malamulowa, kumangosintha mmene chiyenera kulongedzedwera.

Kwa wodwala wa ku Chikangawa, Embangweni, Jenda kapena Luwerezi, ulendo wa sampulo umayambira kutali ndi bwalo la ndege. Imayenda pa njinga yamoto, nthawi zambiri ya bungwe la Riders for Health, kukafika ku chipatala cha boma cha Mzimba kapena chachikulu cha Mzuzu. Zambiri zimathera pomwepo. Zochepa zofuna labotale ya kunja zimatsika ndi msewu wa M1 kudutsa Kasungu mpaka ku Lilongwe, kenako ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Kabotolo komwe wazaumoyo anatseka kumudzi ndi komweko kadzakwere ndege, choncho cholakwika cha tsiku loyamba chimayenda ulendo wonse.

Choyamba ndi kudziwa gulu la chinthucho. Gulu A ndi la tizilombo tomwe tingaphe kapena kulumaza munthu wathanzi tikatayika, monga ta Ebola ndi Marburg. Nambala yake ndi UN 2814, kapena UN 2900 ngati matendawo ndi a ziweto zokha. Pa ndege yonyamula anthu, bokosi limodzi siliyenera kupitirira mamililita 50 kapena magalamu 50. Pa ndege ya katundu yekha malire ndi malita 4 kapena makilogalamu 4. Bokosi lake limayesedwa poligwetsa kuchokera pamtunda wa mamita 9, ndipo wotumiza amasainira chikalata chovomereza kuti watumiza katundu woopsa.

Masampulo ambiri a m'zipatala ali m'Gulu B, nambala UN 3373. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Makhololo a munthu woganiziridwa kuti ali ndi TB ndi a Gulu B, koma tizilombo ta TB tomweto tikameretsedwa m'labotale n'kuchulukana timalowa m'Gulu A. N'chimodzimodzinso ndi poliyo ndi chiwewe. Matenda ndi omwewo. Chasintha ndi kuchuluka kwa tizilombo m'kabotolo.

Kulongedza kumakhala katatu. Sampulo imalowa m'kabotolo kosadontha. Kabotoloko kamakulungidwa ndi thonje kapena chinthu china chomwa madzi, chokwanira kumwa zonse zam'katimo kakasweka, n'kuikidwa m'chotengera chachiwiri chosadonthanso. Chachitatu ndi bokosi lolimba lakunja, lomwe pa Gulu B liyenera kupirira kugwa kwa mita 1.2, ndipo limakhala ndi chizindikiro cha ngodya zinayi choima ndi nsonga, cholembedwa UN 3373 m'kati. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: ndege ikakwera, mphamvu ya mpweya wozungulira imatsika, ndipo mpweya wotsekeredwa m'kabotolo umakankha chivundikiro. Kabotolo komwe sikanadonthe pa mabampu a msewu wa ku Edingeni kangathe kudontha mumlengalenga. N'chifukwa chake kabotoloko kapena chotengera chachiwiri chiyenera kupirira kusiyana kwa mphamvu ya mpweya kwa 95 kPa.

Phindu la dongosololi linaoneka pa nkhani ya poliyo. Mwana wa zaka zitatu wa ku Lilongwe anafa ziwalo mu Novembala 2021. Chimbudzi chake chinayezedwa m'malabotale a NICD ku Johannesburg ndi CDC ku Atlanta, ndipo pa 17 Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti m'dziko muno mwapezeka poliyo, wa mtundu wofanana ndi wa ku Pakistan. Katemera amene anafika khomo ndi khomo pambuyo pake, ku Mzimba komwe, anabwera chifukwa cha timabotolo ta masampulo tomwe tinafika bwino ku malabotalewo. Mwana aliyense wosakwana zaka 15 akalobodoka ziwalo mwadzidzidzi, pamatengedwa chimbudzi kawiri motalikirana ndi maola osachepera 24, ndipo chiyenera kukhala chozizira njira yonse. Chikafunda, kachilombo kamafa ndipo labotale imapeza kuti palibe kanthu pomwe matenda alipo.

Kuziziritsako kuli ndi malamulo akenso. Ayezi wouma, yemwe ndi mpweya wa carbon dioxide wolimbitsidwa pa madigiri 78.5 pansi pa ziro, ndi katundu woopsa payekha, nambala UN 1845. Sasungunuka kukhala madzi koma amasanduka mpweya, motero bokosi lotsekedwa ndithithi lingaphulike. Bokosi liyenera kupuma, ndipo kulemera kwa ayeziyo kulembedwe kunja kuti oyendetsa ndege adziwe kuchuluka kwa mpweya umene udzadzaze m'chipinda cha katundu.

Pali zina zomwe zinamasulidwa. Madontho a magazi ouma pa kapepala, omwe amatengedwa pa chidendene cha khanda poyeza HIV, sali pansi pa malamulowa. Kupepuka kwake kunathandiza kuti mu 2016 UNICEF iyese kunyamula mapepala otere pa tindege topanda woyendetsa ku Lilongwe, ndipo mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserako tindegeti ku Kasungu.

Si za chipatala zokha. Nkhalango ya paini ya Viphya, yomwe inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, ili ndi adani ake, ndipo nsabwe za mitengo zasautsapo nkhalango za Malawi: nsabwe ya mikungudza yotchedwa Cinara cupressi inaoneka koyamba mu Africa m'dziko muno mu 1986. Wofufuza za nkhalango akafuna kuti katswiri wa kunja azindikire kachilombo kachilendo, amakaviika mu ethanol, ndipo ethanol amayaka moto. Lamulo lapadera la A180 limalola zinthu zotere zopanda matenda kuyenda, bola madziwo asapitirire mamililita 30 m'kabotolo kamodzi ndi lita imodzi m'bokosi lonse, atatsekeredwa m'mapulasitiki omatidwa ndi moto. Mankhwala ena a m'labotale amayenda pa chilolezo cha zochepa kwambiri: ambiri mwa iwo mamililita 30 pa kabotolo, ndi chizindikiro cha chilembo E pa bokosi.

Choletsedwa kotheratu ndi chizolowezi chopatsira mnzako wapaulendo kabotolo kuti akaike m'chikwama. Za Gulu A ndi Gulu B siziloledwa m'katundu wa wokwera ndege, kaya wa m'manja kapena wa pansi. Zimapita ngati katundu wotumizidwa, atalongedza munthu wophunzitsidwa, ndipo kwa osainira zikalata za katundu woopsa maphunzirowo amabwerezedwa miyezi 24 iliyonse. Masampulo a anthu otengedwa pa kafukufuku amafunanso chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo, monga NHSRC, ndi pangano lolembedwa pakati pa labotale yotumiza ndi yolandira, lonena chomwe akachite nawo ndi mmene otsala adzawonongedwere.