Osoka zovala za oyenda m'mlengalenga

Mayi Eleanor Foraker ankawerenga mapini. Pa fakitale ya International Latex Corporation ku Dover, m'chigawo cha Delaware ku America, wosoka aliyense ankapatsidwa mapini okhala ndi mutu wa mtundu wakewake, kuti phini ikatsalira m'chovala mwini wake adziwike. Kenako kampaniyo inaika makina a X-ray ounikira chovala chilichonse chikatha kusokedwa. Chovalacho chinali choti munthu akachivale pa Mwezi, ndipo phini imodzi yoiwalika mkati ikanatha kuboola labala wosunga mpweya. Mayi Foraker asanaitanidwe ku ntchitoyi ankasoka timakabudula tomwe makanda amavala pamwamba pa thewera. Kampani yawo, yomwe inkadziwika ndi dzina la Playtex, inkapanga makamisolo ndi zovala zina zamkati za amayi.

Nkhani ya amayi amenewa imandikhudza kwambiri masiku ano, pamene maroketi onyamula anthu akupangidwa ndi makampani oima paokha. Pa 30 May 2020, roketi ya Falcon 9 ya kampani ya SpaceX inanyamuka ku Florida itasenza chombo cha Crew Dragon, mkati muli Bob Behnken ndi Doug Hurley. Anthu anaombera m'manja poona tsinde la roketi likubwerera n'kutera choimirira pa chombo chapanyanja. Anakamba za makompyuta oyendetsa chombocho, anakamba za Elon Musk, mkulu wa kampaniyo. M'mafilimu onena za makampani a maroketi mumakhala mpondamatiki, mainjiniya ndi woyendetsa wolimba mtima, koma telala simumuona. Chikhalirecho Behnken ndi Hurley anavala zovala zodulidwa ndi kusokedwa molingana ndi thupi la aliyense, pa fakitale ya SpaceX ku Hawthorne, m'chigawo cha California, ndipo amene anazisoka ndi anthu okhala pa makina.

Chifukwa chovalira zimenezi ngakhale mkati mwa chombo chinaphunziridwa ndi maliro. Mu June 1971, Georgy Dobrovolsky, Vladislav Volkov ndi Viktor Patsayev ankabwerera padziko pa chombo cha Soviet Union chotchedwa Soyuz 11 opanda zovala zosunga mpweya. Valavu ina inatseguka, mpweya unathawa, ndipo amene anatsegula chombocho chitatera anapeza onse atatu atamwalira. Kumene kulibe mpweya munthu amakomoka pa masekondi osapitirira 15. Pa Mwezi pali zinanso: dzuwa likawala kutentha kumapitirira madigiri 100, usiku kuzizira kumatsika kupitirira madigiri 100 pansi pa ziro. Kupanga chovala chosatulutsa mpweya n'kotheka ndithu. Chovuta n'chakuti chikapoperedwa mpweya chimafufuma n'kuuma gwa, moti bondo ndi chigongono sizipindika.

Apa m'pamene opanga makamisolo anaposera makampani a zida zankhondo. Iwo ankadziwa kale kuumba labala ndi kumulimbitsa ndi nayiloni kuti atsate thupi la munthu. Anaumba mfundo zamakwinya zomwe zimapindika popanda kufinya mpweya wamkati. Mu 1965, atangokanganapo ndi kampani ya Hamilton Standard yomwe ankagwira nayo ntchito, anapanga chovala chatsopano pa milungu 6 yokha ndipo chinapambana mpikisano wa bungwe la NASA. Chovala chomwe Neil Armstrong anavala pa Mwezi mu July 1969, chotchedwa A7L, chinali ndi miyalo 21 ya nsalu, labala ndi pulasitiki, ndipo chimodzi chinkagulidwa pafupifupi madola 100,000 a nthawi imeneyo. Kunja kwake kunali nsalu yoyera ya ulusi wa galasi yotchedwa Beta, yomwe inasankhidwa pambuyo pa moto wa pa 27 January 1967 umene unapha Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee m'chombo cha Apollo 1 chikadali pansi.

Ntchito inali yogawana. Ena ankadula nsalu potsata patani, ena ankaviika zikombole m'labala wamadzi, ena ankamata ndi guluu mapepala opyapyala otchinga kutentha, omwe amang'ambika ukangowagwira mosasamala. Osoka ankagwiritsa ntchito makina a Singer, abale ake a makina omwe telala wa pakhonde la sitolo amapalasa kwathu kuno, kungoti anawakonza kuti aziyenda pang'onopang'ono, singano kulowa kamodzi phazi likaponda kamodzi. Awiri mwa makinawo anawatalikitsa mkono kuti chovala chonse chizilowa, ndipo anali ndi mayina awo, Big Moe ndi Sweet Sue. Msoko ukaphonya ndi mpata wosakwana milimita imodzi, ntchitoyo inkakanidwa. Telala wamba akalakwitsa amasomola ulusi n'kubwereza. Apa sizinkatheka, chifukwa singano ikalowa pa labala bowolo limakhala pomwepo, ndipo chidutswa chonsecho chinkatayidwa. Nthawi zina wosoka ankasoka mbali yomwe sankaiona n'komwe, akungoimva ndi nsonga za zala pansi pa miyalo ina.

Mu 2019, patatha zaka 50 chifikireni anthu pa Mwezi, ena mwa amayiwa anafunsidwa pa wailesi yakanema ya CBS, onse atakalamba. Mayi Anna Lee Minner anafotokoza kuti masiku ambiri akaweruka ankakalira kunyumba, poopa kuti ntchitoyo sangaithe pamene moyo wa munthu unali m'manja mwawo. Mayi Lillie Elliott, omwe ankadula mapatani, ndi mayi Joanne Thompson anakumbukira usiku womwe dziko lonse linkaonerera Armstrong ndi Buzz Aldrin akuyenda pa Mwezi. Ena ankasangalala, koma maso a osoka anali pa misoko, mtima uli m'mwamba, kudzifunsa ngati ulusi ugwire. Sonny Reihm, injiniya wa kampaniyo amene anali ku Houston, ankanena kuti Aldrin atayamba kudumphadumpha pamaso pa kamera iye ankangolakalaka kuti anthuwo abwerere m'chombo msanga. Za mayi Foraker zinalembedwa ndi Nicholas de Monchaux m'buku lake la mu 2011: anagwira ntchito zaka pafupifupi 3 osapita kutchuthi, ndipo kawiri konse anadwala chifukwa cha kupanikizika maganizo. Ndikawerenga zimenezi sindingathe kuziona ngati mbiri yokoma ya kudzipereka basi. Ulendo wa ku Mwezi unali mpikisano wa maboma awiri, masiku ankaikidwa ndi andale, ndipo amene ankalipira changu chimenecho ndi thupi lawo anali anthu a malipiro a m'fakitale.

Panali mkangano wina womwe ndimauona kuti ndiwo mutu wa nkhani yonse. NASA inazolowera zitsulo. Inkafuna kuti kanthu kalikonse kakhale ndi chojambula cha injiniya, nambala yake ndi mulu wa zikalata. Osoka ankagwira ntchito ndi patani ya pepala lolimba komanso zomwe manja awo ankadziwa: mmene nsalu ina imakokekera ikafika popinda, mmene labala amatererekera pansi pa singano. Zinafika poti chovala chabwinobwino chinakanidwa chifukwa cha kuperewera kwa zikalata, mpaka kampaniyo inalemba anthu apadera oti azisandutsa ntchito ya osoka kukhala zojambula zomwe NASA ingavomere. Zojambulazo zinkapita ku maofesi, osoka n'kumapitiriza ndi mapatani awo. Mainjiniya a kampaniyo ankauzidwa kuti akhale pa makina n'kuphunzira kusoka, ndipo amayiwa ankawauza poyera ngati zomwe ajambula sizingasokeke.

Luso lotere silisungika m'kabati. Limakhala mwa munthu, ndipo munthu amafunika malipiro mwezi ndi mwezi, pamene ndalama za maulendo a m'mlengalenga zimabwera ndi kontrakiti n'kupita ndi kontrakiti. Mu 1969 nthambi yosoka zovalazi inali ndi antchito pafupifupi 900. Ulendo womaliza wa ku Mwezi, Apollo 17, unachitika mu December 1972, ndipo patangopita zaka zochepa panatsala anthu makumi ochepa chabe. Kampaniyo, yomwe lero imatchedwa ILC Dover, inapulumukira ntchito zina, kuphatikizapo matumba a mpweya omwe anateteza chombo cha Pathfinder potera pa Mars mu 1997. Zomwezo zinaonekanso ku Florida. Kumeneko kunali kagulu ka amayi odzitcha Sew Sisters, omwe ankasoka mabulangete otchinga moto okuta zombo za Space Shuttle. Chombo cha Atlantis chitatera komaliza mu July 2011, ntchito inatha. Mmodzi mwa iwo, mayi Jean Wright, anayamba kufotokozera alendo za ntchitoyo pa malo oonetserako zinthu a Kennedy Space Center, pafupi ndi chombo chomwe anasokera.

Zotsatira zake zikuoneka kumwamba komweko. Zovala zomwe Amereka amatulukira nazo kunja kwa International Space Station zinayamba kugwira ntchito mu 1983. Lipoti la ofesi younika ntchito za NASA la mu 2017 linati mwa zikwama 18 zopereka mpweya zomwe zinapangidwa poyamba, zinatsala 11. Pa 16 July 2013, madzi oziziritsa thupi anayamba kudzaza m'chisoti cha Luca Parmitano wa ku Italy ali kunja, mpaka anafika m'maso ndi m'mphuno, ndipo anabwerera mkati mopapasa. Mu March 2019 ulendo woyamba wa amayi okhaokha wotuluka kunja unalephereka chifukwa chovala cha saizi yapakati chokonzeka chinali chimodzi chokha. Christina Koch ndi Jessica Meir anadzatuluka limodzi pa 18 October chaka chomwecho. Lipoti lina la mu 2021 linati NASA inali itawononga kale madola 420 miliyoni pofuna chovala chatsopano koma chinali chisanathe. Mu 2022 ntchitoyi inaperekedwa ku makampani awiri, Axiom Space ndi Collins Aerospace, ndipo mu June 2024 Collins, yomwe inkagwira limodzi ndi ILC Dover, inaituluka.

Makampani atsopanowa ndimawapatsa ulemu wawo. Pa 12 September 2024, pa ulendo wa Polaris Dawn, chitseko cha Crew Dragon chinatsegulidwa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 700 kuchokera padziko. Chombocho chilibe kachipinda kotulukira, choncho mpweya wonse unatulutsidwa, ndipo anthu anayi onse, Jared Isaacman, Scott Poteet, Sarah Gillis ndi Anna Menon, anadalira zovala zawo zokha. Isaacman ndi Gillis anasuzumira kunja mosinthana, akupinda mikono kuyesa mfundo za chovalacho. Misoko yonse inagwira. Anthu amene anaisoka ndi aluso ngati a ku Dover aja.

Chomwe chimandisowetsa mtendere ndi mayina amene amatchulidwa. Ambiri amva kuti maonekedwe a chovala choyera cha SpaceX anachokera kwa Jose Fernandez, wopanga zovala za m'mafilimu ku Hollywood. Axiom itaonetsa chovala chake cha ku Mwezi ku Milan mu October 2024, dzina lomwe linamveka ponseponse linali la Prada, kampani ya zovala za fashoni. Amayi a ku Dover tikuwadziwa chifukwa ntchito yawo inali ya boma: zikalata zinasungidwa, zithunzi zinajambulidwa, monga cha mayi Hazel Fellows ali pa makina, ndipo olemba mbiri anawapeza akadali moyo. Kampani yoima payokha imasunga njira zake mwachinsinsi poopa opikisana nayo, ndipo ikaona kuti ntchito ina siibweretsa phindu imaisiya, monga anachitira a Collins. Wosoka amene watha zaka akuphunzira mmene labala amayendera pansi pa singano amapita kukafuna ntchito kwina, ndipo kampani yotsatira imayambanso kuphunzitsa anthu atsopano. Zonsezi zikuchitika pamene oyenda m'mlengalenga akutulukabe kunja kwa siteshoni ndi zovala zakale zija. Pa 24 June 2024, Tracy Dyson ndi Mike Barratt anabwezedwa mkati patangotha pafupifupi theka la ola, madzi atayamba kutayika pa chingwe cholumikiza chovala cha Dyson ndi siteshoni.