Kodi madzi a mu mphika amapita kuti?

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a sukulu ya akulu,

Tsiku lina ndinakaceza ku kalasi ina kufupi ndi Ulongwe, ndipo ndinapeza akuphunzira kulemba mau akuti "madzi". Mai wina wacikulire anakweza dzanja nati: "Abusa, ine pophika nyemba ndimathira madzi kawiri kapena katatu. Mphika wanga suli wobooka ai. Nanga madziwo amapita kuti?" Anzake anaseka, koma funsoli ndi lanzeru, ndipo yankho lake lingathe kupulumutsa nkhuni pakhomo. Ndati ndikulembereni kuti nanunso mukathe kuyankha.

Zinthu zotizungulira ziri m'magulu atatu. Pali zolimba, monga mwala, mcere ndi phula la njuci. Pali zamadzimadzi, monga madzi, mafuta ophikira ndi parafini. Pali zampweya, monga mpweya umene tikupumawu. Cinthu cimodzi comweco cikhoza kucoka m'gulu lina ndi kulowa m'gulu lina, ndipo cocititsa ndico kutentha kapena kuzizira.

Zimatheka bwanji? Madzi, phula ndi mafuta anapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene m'mabuku a Cipwitikizi amaticha moléculas. Tinthuti sitikhala cete. M'cinthu colimba timakhala tothithikana, tikungonjenjemera pamalo pamodzi, ngati anthu odzaza pa benchi m'chalichi. Kutentha kukafika timayamba kuyenda ndi kupitirirana ngati anthu pa msika, ndiye timati cinthu casungunuka. Kutentha kukaonjezeka timatayana ndi kubalalika ngati ana oweruka ku sukulu, ndiye cinthu casanduka nthunzi. Kukazizira, zonsezi zimabwerera m'mbuyo.

Kutentha timakuyeza m'madigiri, pa muyeso wochedwa ndi dzina la Anders Celsius wa ku Sweden, amene anauyambitsa m'caka ca 1742. Madzi amaundana pa digiri 0, ndipo matalala amasungunuka pa digiri yomweyo. Cisanu coyera cimene timaciona pa udzu m'madambo a Angonia m'miyezi ya Juni ndi Julayi ndi nthunzi ya mu mpweya imene yaundana usiku. Ku Beira, m'mbali mwa nyanja ya mcere, madzi amawira pa madigiri 100. Kuno ku mapiri mpweya supanikiza kwambiri, conco ku Ulongwe amawira pa madigiri pafupifupi 96. Ici ndi cifukwa cimodzi cimene nyemba zimacedwerako kupsa kwathu kuno.

Tsopano mvetsetsani apa, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Madzi akangoyamba kuwira, satenthanso kuposa pamenepo, ngakhale musonkhezere mtolo wonse wa nkhuni. Moto woonjezerawo umangogwira nchito yosandutsa madzi kukhala nthunzi. Ndipo nchito imeneyi imadya moto wambiri: kusandutsa lita imodzi ya madzi owira kukhala nthunzi kumafuna kutentha koposa kasanu kumene kumafunika kuti lita yomweyo icoke pa digiri 0 kufika powira. Madzi a mai aja sanasowe ai. Anauluka, ndipo anatenga mphamvu ya nkhuni zao.

Conco mphika ukawira, cepetsani moto kuti uzingowira pang'onopang'ono, ndipo ubvundikireni. Nthunzi ikagunda cibvundikiro imazizira, nisandukanso madontho obwerera mu mphika. Nyemba zidzapsa nthawi yomweyo, koma nkhuni zidzatsalako, ndipo ulendo wa ku phiri udzacepa. Madzi akumwa okha asiyeni awire ndithu kwa mphindi imodzi yathunthu, kuti tizirombo ta matenda otsekula m'mimba tife. Cenjezaninso ana kuti asaike dzanja pa nthunzi. Imaocha koposa madzi owira, cifukwa posandukanso madzi pa khungu imatula kutentha konse kumene inanyamula.

Madzi amauluka ngakhale osawira. Zobvala zimauma pa cingwe, ndipo zithaphwi zimaphwa m'cilimwe. Pouluka amatenga kutentha kwa cinthu cimene acokapo. Ndi cifukwa cake madzi a mu mtsuko wadothi amazizira kuposa a mu cigubu: mtsuko umacita thukuta, thukutalo likamauma limauziziritsa, monga momwe limacitira ndi thupi lathu. Nthunzi yokwera kumwamba imakazizira nikhala mitambo, yotsala pansi imakhala mame a m'mawa.

Makolo athu ankazidziwa izi ndi manja ao. Amaravi anali odziwika ndi makasu a citsulo. Citsulo ceniceni cimasungunuka pa madigiri 1,538, ndipo ng'anjo zao za makala sizinkacisungunula kuti ciyende ngati madzi. Zimene zinkasungunuka ndi kutsika pansi ndi zosafunika za m'mwalamo, citsulo nkutsala ngati cibuluma cofewa, cimene wosula ankacimenya cikali cofiira. Mibulu yakuda yolemera imene alimi amaitola m'minda ina ndi zosungunuka zomwezo zitazizira ndi kulimbanso. Funsani acikulire a m'kalasi mwanu ngati akudziwa pamene panali ng'anjo, ndipo mulembe zimene anene.

Pa tsiku la phunziroli mukatenge mphika, mbale yacitsulo youma, mcere ndi kandulo. Sungunulani mcere m'madzi ndi kuwawiritsa. Gwirani mbale ija ndi nsalu pamwamba pa nthunzi mpaka madontho aoneke, azizire, ndipo wina alawe. Adzapeza kuti mulibe mcere, pakuti mcerewo watsala mu mphika. Kenaka yatsani kandulo, aone phula likusungunuka ndi kulimbanso. Pomaliza lembani pa bolodi mau awa, awagawe m'maphatikizo: madzi, nthunzi, mame, matalala, cisanu. Afunseni kuti mau asanuwa akunena za zinthu zingati. Musafulumire kuwauza. Muwapatse mpata akambirane mpaka aone okha kuti ndi cinthu cimodzi.

Ambuye akulimbikitseni pa nchito yanu.