Mwana wolerera kunja: ena amadikira kuti afike, ena amadikira kuti abwerere

M'midzi ya ku Tsangano ndi ku Macanga, mayi akamwalira n'kusiya khanda, nkhani yoti mwanayo apita kuti siigona masiku ambiri. Maliro akatha abale amakhala pansi, ndipo agogo, amayi aang'ono, azakhali kapena malume amamutenga. Mwanayo angathe kuoloka malire pa Biriwiri n'kukakulira ku Ntcheu, kapena kuchoka ku Furancungo n'kukakhala kwa m'bale ku Dedza, koma amakhalabe mwana wa pamtundu. Amadziwa manda a mayi ake, ndipo akakula amabwera kudzapempha munda. Zotere zidachitika kwambiri pa nkhondo yomwe idatha mu 1992, pamene anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi ndipo ana ambiri adakulira m'manja mwa achibale.

Palinso kulera kwina, kwa m'malamulo, komwe pa Chipwitikizi amati adopção. M'Chichewa mulibe liwu limodzi lonena chinthu chimenechi. Anthu amangoti kulera, ndipo chisokonezo chimayambira pomwepo. Khoti likagamula adopção, mwanayo pamaso pa lamulo amaleka kukhala wa banja lomwe adabadwiramo. Amatenga dzina la makolo atsopano, amalowa m'chuma chawo ngati mwana wobala okha, ndipo chigamulocho sachibweza chifukwa choti wina wasintha maganizo. Makolo atsopanowo akakhala a dziko lina, mwanayo angathe kukakulira komweko, kulankhula chinenero chakomweko ndi kutenga unzika wakomweko. Akulu adati chibale ndi fupa sichiola, koma pepala la kukhoti siliwerengera mwambi umenewu.

Mabanja akunja ofuna mwana mwa njira imeneyi amadandaula chinthu chimodzi kuposa zonse: kudikira. Ambiri mwa iwo, makamaka a ku America, ndi anthu opemphera. Ena adakhala zaka osaona mphatso ya mwana, ena ali ndi ana awo kale koma amakhulupirira kuti Mulungu wawaitana kulera mwana wamasiye. Amafufuzidwa pakhomo pawo, amapereka mapepala a kupolisi ndi a kuchipatala, amasonkha ndalama zambiri, nthawi zina mothandizidwa ndi mpingo, kenako amakhala miyezi kapena zaka akuyang'ana chithunzi cha mwana yemwe sadamunyamulepo. Amapemphera kuti woweruza asaine msanga. Ululu wawo ndi weniweni ndipo palibe chifukwa choupeputsira.

Kudikira kwina n'komwe sikumveka kawirikawiri. Ndi kwa bambo kapena gogo wakumudzi yemwe adadinda chala papepala akukhulupirira kuti mwana wapita kukaphunzira ndipo tsiku lina adzatulukira pakhomo atavala bwino. Nayenso amapemphera. Mapemphero awiriwa amanena za mwana mmodzi, koma sangayankhidwe onse.

Chitsanzo chodziwika kwambiri chidachitikira pafupi, m'boma la Mchinji ku Malawi, dera la alimi a m'malire ngati kuno. Mu Okutobala 2006 woimba wa ku America, Madonna, adapatsidwa chilolezo chongoyembekezera chotenga mwana wa chaka chimodzi, David Banda, yemwe amasungidwa panyumba ya ana ya Home of Hope. Mwanayu sadali wamasiye kotheratu. Mayi ake adamwalira atangobereka, koma bambo ake, mlimi wamba, adali moyo. Adamupereka kunyumbako chifukwa chosowa mkaka ndi womusamala. Patangopita masiku ochepa mwana atanyamuka kupita ku London, bamboyo adauza atolankhani kuti sadamvetse zoti mwana wapita mpaka kalekale, iye ankaganiza kuti akaphunzira n'kubwerera. Pambuyo pake adanena kuti sakutsutsa ndipo akufuna mwanayo akhale komweko. Kaya mtima wake udali pati, mawu ake oyambawo ndi ofanana ndi omwe munthu aliyense wa kuno angamve atauzidwa kuti wina akufuna kumulerera mwana. Khoti lalikulu la ku Lilongwe lidatsiriza nkhaniyi mu Meyi 2008, patadutsa miyezi yoposa 18 yoyang'anira m'mene mwana akukhalira.

Mu 2009 Madonna adabweranso kudzapempha mtsikana wa zaka zitatu, Chifundo James, wodziwikanso kuti Mercy. Ulendo uno woweruza Esme Chombo adakana mu Epulo, ponena kuti woimbayo sadali wokhala m'dzikomo monga lamulo limafunira, ndipo adachenjeza kuti kufewetsa lamulo chifukwa cha munthu mmodzi kungatsegulire khomo ozembetsa ana. Mu Juni chaka chomwecho khoti la apilo, motsogozedwa ndi Lovemore Munlo, lidatembenuza chigamulocho, litaona ntchito zachifundo zomwe Madonna amachita ku Malawi ndi ubwino wa mwanayo. Mu 2017 adaloledwanso kutenga mapasa aakazi ochokera ku Home of Hope komweko. Anthu amasiyanabe maganizo pa nkhanizi, koma chenjezo la mayi Chombo silidathe ntchito. Si mlendo aliyense wobwera ndi mawu okoma amene dziko lonse likumuona pa kanema.

Kuno ku Moçambique nkhaniyi ili mu Lei da Família, lamulo la banja lomwe lidakhazikitsidwa mu 2004 n'kukonzedwanso mu 2019, pamodzi ndi malamulo oteteza ana a mu 2008. Mfundo yaikulu ndi yakuti khoti lokha ndilo limagamula adopção. Mfumu, sekeretale wa mudzi, m'busa, wansembe ngakhale mkulu wa nyumba ya ana alibe mphamvu imeneyi, ngakhale atalemba kalata ya chidindo. Khoti lisanagamule, a Acção Social amafufuza mbiri ya mwana ndi moyo wa ofuna kumutenga. Ofunawo ayenera kukhala opitirira zaka 25, ndipo ngati ndi banja, akhale atakhalira limodzi zaka zoposa zitatu. Mwana amayamba wakhala nawo nthawi yozolowerana yosachepera miyezi isanu ndi umodzi, akuyenderedwa. Makolo omubala ayenera kuvomera pamaso pa woweruza, ndipo woweruzayo ali ndi udindo wowafotokozera tanthauzo la zomwe akuvomera. Mwana wopitirira zaka 12 amafunsidwa yekha. Ngakhale chigamulo chitaperekedwa, a Acção Social ayenera kumutsatira mpaka atakula ndi kumadziwitsa khoti chaka ndi chaka.

Munthu akawerenga zimenezi amaona msanga chifukwa chake kutenga mwana wa ku Moçambique kupita naye kunja kuli kovuta. Mlendo wobwera sabata ziwiri pa viza ya alendo sangakwanitse miyezi yozolowerana ija, ndipo wogwira ntchito wa Acção Social sangayendere mwana yemwe ali ku Texas kapena ku Lisboa. N'chifukwa chake alendo omwe amakwanitsa amakhala aja okhazikika m'dziko muno, monga amishoni ndi ogwira ntchito m'mabungwe, omwe ali ndi mapepala okhalira. Komanso Moçambique, monganso Malawi, sadalowe m'pangano la ku The Hague la mu 1993, lomwe limaika njira yoti maiko awiri agwirizane pofufuza mwana asanaoloke. Zambia idalowa mu 2015. Popanda njira imeneyo, woweruza wa kuno amayenera kusamala kawiri.

Kuchedwaku ena amakuona ngati ulesi wa m'maofesi, ndipo nthawi zina ulesiwo umakhalapodi. Mafayilo amasowa, mlandu umasunthidwa tsiku, mwana akukulira m'nyumba ya ana momwe wolera mmodzi amasamala ana ambiri. Zimenezi n'zoipa kwa mwana ndipo siziyenera kutetezedwa. Koma gawo lalikulu la kudikirako lidaikidwa dala. Ndi nthawi yoti afufuze ngati bambo alidi womwalira kapena angopita kukagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize kapena ku Joni. Ndi nthawi yoti azakhali a ku Ulónguè amve uthenga n'kubwera kudzanena kuti mwanayo amutenga. Ndi nthawi yoti mayi yemwe adavomera mwezi wa njala, nkhokwe ili mbee, aganizenso atakolola. Pangano la Africa la ufulu wa ana la mu 1990 limanena kuti kutumiza mwana kudziko lina ikhale njira yotsiriza, zitakanika zonse zomulerera kwawo, ndipo pangano la United Nations la mu 1989, lomwe Moçambique adalivomereza mu 1994, lili ndi mfundo yofanana.

Maiko adaphunzira izi movutikira. Mu Okutobala 2007, ku Chad, anthu a bungwe la ku France la L'Arche de Zoé adagwidwa akufuna kukweza ndege ana 103 omwe amati ndi amasiye a nkhondo ya ku Darfur. Kafukufuku adapeza kuti ambiri adali ana a ku Chad komweko ndipo adali ndi kholo kapena m'bale wamoyo. Makolo ena adauzidwa kuti ana akupita kusukulu. Kenya idaimitsa kupereka ana kwa alendo mu 2014. Ethiopia, yomwe idatumiza ana zikwizikwi ku America ndi ku Ulaya, idaletseratu mu 2018, ndipo China idatseka mu 2024. Ku America kokha, ana olowa mwa njira imeneyi adafika pafupifupi 23,000 mu 2004, koma tsopano safika ngakhale 2,000 pachaka. Makomo akamatsekeka kwina, ofuna ana ndi amkhalapakati awo amayang'ana komwe kudakali mpata, ndipo madera a m'malire, komwe mwana angaoloke panjinga popanda womufunsa, amakhala osavuta kulowamo.

Pa nkhani ya chikhulupiriro, mbali zonse ziwiri zimawerenga Baibulo limodzi. Odikira mwana amakonda nkhani ya Hana, yemwe adalira zaka zambiri mpaka adabala Samueli. Koma nkhani yomweyo ili ndi mbali ina yomwe imakhudza banja lopereka. Hana adapereka mwana wake kwa Eli mwa kufuna kwake, akudziwa bwino lomwe akuchita, atamuyamwitsa mpaka kumuletsa bere. Ankadziwa komwe ali, ndipo chaka chilichonse ankapita ku Silo atamusokera kamwinjiro. Mose naye adaleredwa ndi mwana wamkazi wa Farao, koma womuyamwitsa adali mayi ake omubala, ndipo atakula adafunafuna abale ake. M'nkhani ziwirizi mulibe kholo lomwe lidanamizidwa.

Pamenepa atsogoleri a mipingo ali ndi udindo waukulu, chifukwa nyumba zambiri za ana zili m'manja mwa mipingo, ndipo kumudzi mawu a abusa kapena a katekisiti amalemera kuposa pepala. Mlendo akafika kudzera kutchalitchi, banja limaona kuti kufunsa mafunso n'kukayikira Mulungu. Sichoncho. Munthu wonena kuti Mulungu wamuonetsa mwanayu angakhale woona mtima, koma ngati alidi wotero sangaope khoti, ndipo miyezi isanu ndi umodzi siingamugwetse mphwayi. Wofulumizitsa, wonena kuti mapepala adzakonzedwa pambuyo, kapena wobwera ndi matumba a feteleza ndi malata tsiku lopempha mwana, ameneyo akuchita zomwe lamulo silimulola. Moçambique ali ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu, Lei 6/2008.

Banja lomwe lalephera kusamala mwana lili ndi njira zina zosadula chibale. Lamulo la banja limazindikira tutela, pomwe khoti limaika munthu, kawirikawiri wachibale, kukhala woyang'anira mwana yemwe alibe makolo omusamala. Limazindikiranso família de acolhimento, banja lolandira mwana n'kumulera iye akadali ndi dzina lake ndi abale ake. Njira ziwirizi n'zomwe zikufanana ndi kulera komwe anthu a ku Tsangano ndi ku Macanga amakudziwa. Kusiya mwana kunyumba ya ana kwa kanthawi, kuti apeze mkaka mpaka atayamba kudya phala, sikutanthauza kuti banja lavomera adopção, koma ndi bwino zimenezi zilembedwe, ndipo abale aziyendera mwanayo, chifukwa mwana wosayenderedwa nthawi yaitali angathe kuonedwa ngati wotayidwa.

Chitetezo china chotsika mtengo ndi kulembetsa mwana ku Registo Civil akangobadwa. Mwana wopanda cédula, yemwe adabadwira tsidya lina la malire n'kukulira tsidya lino, ndi wosavuta kumulembera mbiri yabodza yoti alibe aliyense.

Munthu akabwera ndi pepala lokhudza mwana, banja lili ndi ufulu wopempha kuti liwerengedwe ndi kumasuliridwa m'Chichewa ndi munthu yemwe si mnzake wa wobweretsayo, ndi kufunsa mosabisa ngati mwanayo adzakhalebe wawo pamaso pa lamulo. Pa likulu la boma lililonse, ku Tsangano ndi ku Furancungo, pali ofesi ya Serviço Distrital de Saúde, Mulher e Acção Social, yomwe ndiyo yoyamba kufikako pa nkhani za ana. Bungwe la boma la IPAJ limathandiza pa zamalamulo kwaulere kwa osowa ndalama. Kupolisi kuli gawo loona za mabanja ndi ana, ndipo nambala ya Linha Fala Criança, 116, imaimbidwa popanda kulipira. Tsidya la Malawi nambala yothandiza ana ndi 116 yomweyo.