Kagalu kakamaluma chilichonse, titani nako?

Ambiri kuno kwa Mavwere timaweta galu kuti azilondera khola la mbuzi ndi kumunda, zomwe Chisilamu chimalola. Koma akadali kamwana amatopetsa: kamaluma zidendene, kamakoka nsalu, anapiye osapuma nako.

Si nkhanza ayi. Pakati pa miyezi 3 ndi 6 mano ake oyamba amaguluka, ena n'kumamera, ndiye nkhama zimayabwa. Tikapatse chingwe chokhuthala chomanga mfundo kuti kazitafuna. Kakagwira dzanja, tinene mwamphamvu kuti "Iyayi!" n'kuchokapo, kamazindikira msanga kuti kuluma kumathetsa masewera. Tisakamenye, chifukwa galu wokulira ndodo amadzaluma ndi mantha. Ana asamakaseweretse ndi manja. Kukamangirira tsiku lonse kumangowonjezera phuma. Tizipita nako kumunda m'mawa, kakatopa kagona.

Malovu ake akakhudza mbale, thupi kapena chovala choswalira, titsuke kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi.

Chachikulu n'chiwewe. Kakakwanitsa miyezi 3, tikabayitse katemera kwa alangizi a ziweto. Dzino likaboola khungu, ngakhale pang'ono, titsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Kagalu kakasintha khalidwe mwadzidzidzi, kumachucha dovu ndi kuluma mosasewera, tikatsekere, tisakagwire, tiitane alangizi. Chiwewe chikaonekera mwa munthu sichichizika, abale, choncho tisazengereze.