Mtengo wa Phuma pa Msika wa Magemu

M'mwezi wa Sepitembala chaka cha 1983, magalimoto akuluakulu anafika pa dzala la mzinda waung'ono wa Alamogordo, m'chigawo cha New Mexico ku Amereka, nakhuthulapo katundu wa kampani ya Atari. Katunduyo anali masewero a pa kanema, amene achinyamata a masiku ano amawatchula kuti magemu, ndipo ambiri anali akadali m'mapaketi awo osatsegula. James Heller, amene anayang'anira ntchito yokwirirayo, anadzanena pambuyo pake kuti timabokosi ta magemu timene tinatayidwa tinali pafupifupi 728,000. Pakati pake panali gemu yotchedwa E.T., imene inatuluka m'nyengo ya Khirisimasi ya 1982 ndi chiyembekezo chachikulu, ogula naikana. M'chaka cha 1983 msika wa magemu ku Amereka unagwa chagada. Masitolo anaunjika m'madengu magemu amene dzana lomweli ankagulitsidwa madola 30 kapena kuposa, nawagulitsa madola 5.

Nkhani ya dzala limeneli imakambidwa kawirikawiri monga nthano ya kugwa kwa kampani yodzitama, koma kwa munthu wa m'thumba mopepuka muli phunziro lina. Gemu imene inakwiriridwa inali yomwe ija makolo anaithamangira pa Khirisimasi, ndipo m'kati mwake simunachoke kanthu. Chimene chinatha ndi chilakolako cha ogula, mtengo nuthera pomwepo. Chimanga chikakhalitsa chimafumbwa, nsomba ikagona imanunkha, motero pa msika wa zakudya wochedwa amatola zotsalira. Pa msika wa magemu zinthu n'zotembenuka, pakuti katundu sawola, umawola ndi mtengo wake.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ndalama zopangira gemu yaikulu zimathera pa malipiro a anthu mazanamazana amene amaigwirira ntchito kwa zaka zingapo. Ikangotha kupangidwa, kutulutsa ina yofanana nayo kumadya ndalama zochepa kwambiri, makamaka lero pamene magemu ambiri amafika kwa wogula kudzera pa intaneti. Tsono kampani imayamba yakolola kwa iwo amene sangathe kupirira, pa mtengo wapamwamba, kenaka nkumatsitsa pang'onopang'ono kuti ikole otsala onse. Mtengo wa tsiku loyamba ndi msonkho wa phuma, ndipo msonkhowu wakhala ukukwera. Kuyambira cha m'ma 2005, gemu yaikulu yatsopano inkagulitsidwa madola 60 ku Amereka, ndipo zinakhala choncho kwa zaka pafupifupi 15. M'chaka cha 2020, pamene makina osewerera a PlayStation 5 ndi Xbox Series X anatuluka, gemu ya NBA 2K21 inatsegula njira ya madola 70, makampani ena natsatira. Mu Juni 2025 kampani ya Nintendo inaika Mario Kart World pa madola 80. Mitengo yonseyi imawerengedwa m'madola, kotero kuti pamene kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, gemu iliyonse inakwera usiku umodzi wokha kwa wolandira malipiro m'makwacha, ngakhale kuti ku Amereka kunalibe amene anakhudza mtengo.

Chodabwitsa n'chakuti wolipira msonkho wa phuma nthawi zambiri amalandira katundu woipirapo kuposa wa mnzake wodikira. Magemu a masiku ano amatuluka ali ndi zilema zimene opanga amakonza m'miyezi yotsatira. Chitsanzo chimene sichidzaiwalika msanga ndi Cyberpunk 2077, gemu ya kampani ya CD Projekt ya ku Poland, imene anthu mamiliyoni analipiriratu isanatuluke. Itatuluka pa 10 Disembala 2020, inapezeka kuti pa makina akale a PlayStation 4 inkachita tsizinatsizina ndi kuzima yokha, mpaka kampani ya Sony inaichotsa m'sitolo yake patangopita sabata imodzi, nilonjeza kubweza ndalama kwa ogula. Inabwereramo mu Juni 2021. Chaka chisanathe chitulukireni inkapezeka pa theka la mtengo m'nyengo zotsitsa mitengo, ndipo amene anadikira kufikira Sepitembala 2023 anapeza gemu yokonzedwanso kwambiri, imene ambiri amaitamanda. Kulipiriratu gemu yosatuluka kunali ndi tanthauzo m'masiku amene zimbale zinkatha m'sitolo. Gemu ya pa intaneti siingathe m'sitolo, choncho wolipiriratu amangokongoza kampani ndalama popanda chiongoladzanja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Okonda mpira wa miyendo ali pa mayeso aakulu koposa onse. Kampani ya Electronic Arts imatulutsa gemu ya mpira chaka ndi chaka cha kumapeto kwa Sepitembala. Kale inkatchedwa FIFA, koma kuyambira 2023 imatchedwa EA Sports FC. Kunena zoona, ya chaka chino ndi ya chaka chatha zimasiyana pang'ono: osewera amene asamuka matimu, mayunifolomu atsopano, ndi tina tosintha m'kaseweredwe timene wosewera wamba sangathe kutiloza ndi chala. Pofika kumapeto kwa Novembala, pa tsiku la malonda lotchedwa Black Friday, mtengo umakhala utatsika kale, ndipo pamene maligi a ku Ulaya akutha mu Meyi umakhala utagweratu pansi. Anyamata awiri okhala pa mkeka umodzi, akupikisana pa kanema mmodzi, sataya kanthu posewera gemu ya chaka chatha. Amene amapikisana ndi anzake pa intaneti ndiye amakakamizika, popeza anzakewo akasamukira ku yatsopano iye amatsala yekha pabwalo. Pamenepa ndipo pali malire a kudikira. Palinso kampani imodzi imene sidikirika: Nintendo siikonda kutsitsa mitengo ya magemu ake, ndipo Mario Kart 8 Deluxe, imene inatuluka mu Epulo 2017 pa madola 60, inali ikulembedwabe mtengo womwewo patapita zaka 7.

Njira yachiwiri yopulumutsira ndalama ndi yakale ngati msika weniweniwo, ndiyo kugula chogwiritsidwapo kale ntchito. Chimbale cha gemu chimene munthu wina wasewera chimagwira ntchito chimodzimodzi ndi chatsopano, bola chikhale chosakalika, ndipo wogula wanzeru amachiyesa pa makina asanatulutse ndalama. Ubwino wa chimbale sutha pogula pokha. Mwini wake akamaliza gemu angathe kuchigulitsa, kuchisinthanitsa kapena kubwereketsa mnzake, kotero kuti mtengo wake weniweni ndi kusiyana kwa ndalama zimene anagulira ndi zimene wagulitsira. Abwenzi atatu ogula gemu imodziimodzi nkumasinthana amasewera magemu atatu pa mtengo wa imodzi.

Makampani amadziwa zimenezi, ndipo sizimawakondweretsa, chifukwa pa malonda a chimbale chakale iwo salandirapo ngakhale kobiri. M'chaka cha 2013 kampani ya Microsoft inalengeza kuti makina ake atsopano a Xbox One adzaika malire pa kugulitsana ndi kubwerekana zimbale, ndiponso kuti adzafuna kulumikizidwa ku intaneti kamodzi pa maola 24 alionse. Ogula anakwiya kwambiri. Sony, poona mpata, inatulutsa kanema wa masekondi owerengeka wophunzitsa m'mene munthu angabwereketsere gemu pa PlayStation 4: mkulu wina wa kampaniyo, Shuhei Yoshida, anangopereka chimbale m'manja mwa mnzake Adam Boyes, phunziro nkuthera pomwepo. Juni asanathe Microsoft inabweza mawu ake.

Koma chimene chinakanika ndi lamulo chikutheka ndi nyambo. Mu Novembala 2020 PlayStation 5 inatuluka mitundu iwiri, wa polowetsa chimbale pa madola 499 ndi wopanda polowetsa chimbale pa madola 399. Poyang'ana pamwamba, wogula wachiwiriyo wapulumutsa madola 100. Poyang'anitsitsa, wadzitsekera m'mudzi wa sitolo imodzi, momwe mwini sitolo ndiye yekha woika mitengo, ndipo chilichonse chimene agula sangachigulitsenso kapena kuchipereka kwa mphwake. Ngati chimbale chakale chikadamupulumutsira madola 25 pa gemu iliyonse, ndiye kuti pofika gemu yachinayi madola 100 aja abwerera kumene anachokera. Mu 2024 PlayStation 5 Pro inatuluka pa madola 699 yopanda polowetsa chimbale n'komwe, ndipo wofuna chipangizocho ankachigula padera. Pali nkhani inanso imene anthu a m'maiko a intaneti yotsika mtengo saiganizira: magemu ena amapitirira magigabayiti 100, ndipo kwa wogula mabando ndalama zokopera gemu yotere zingathe kupikisana ndi mtengo wa gemu yeniyeniyo.

Osewera pa kompyuta zimbale anatsazikana nazo kalekale, ndipo chitonthozo chawo ndi nyengo zotsitsa mitengo. Sitolo ya pa intaneti ya Steam, imene kampani ya Valve inatsegula mu 2003, imakhala ndi nyengo zazikulu zotere cha kumapeto kwa Juni ndi cha kumapeto kwa Disembala, pamene magemu a zaka ziwiri kapena zitatu amatsika ndi theka, ena kuposa apo. Sitolo ya Epic Games yakhala ikugawa magemu aulere kuyambira Disembala 2018, ndipo mu Meyi 2020 inagawa Grand Theft Auto V, imene mu 2013 inkagulidwa madola 60. Anthu anakhamukirako mpaka sitoloyo inasiya kugwira ntchito kwa maola angapo. Komabe chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2014 mtolankhani Kyle Orland wa Ars Technica anawerengera magemu a m'maakaunti a Steam, napeza kuti pafupifupi magawo 37 pa 100 alionse anali asanatsegulidwepo ndi kamodzi komwe. Ena mwa iwo anabwera m'mitolo yogulitsira pamodzi, n'zoona, koma ambiri ndi chipatso cha koloko imene sitolo imaika pambali pa mtengo, yowerengera maola otsala. Phuma limene wogula analigonjetsa pa tsiku loyamba limamupezanso pa tsiku la kutsika kwa mitengo. Gemu ya madola 5 yosaseweredwa yadya ndalama zambiri kuposa ya madola 40 imene yatha nayo miyezi itatu. Chida chothandiza chilipo: kuyambira Juni 2015, Steam imabweza ndalama ngati wogula apempha pasanathe masiku 14 ndipo wasewera maola osakwana 2.

Funso lovuta koposa ndi lakuti kodi chimene chagulidwa pa intaneti ndi cha yani. Gemu ya mpikisano wa magalimoto yotchedwa The Crew, ya kampani ya Ubisoft ya ku France, inatuluka mu Disembala 2014, ndipo inkafuna kulumikizidwa ku makompyuta a kampaniyo ngakhale munthu akusewera yekha. Kumapeto kwa Malichi 2024 kampaniyo inazimitsa makompyutawo, gemu nifa m'manja mwa onse amene anaigula, a zimbale omwe. Mwa ichi munthu wina wopanga makanema a pa YouTube, Ross Scott, anayambitsa gulu la Stop Killing Games, ndipo pofika Julayi 2025 anthu opitirira 1,000,000 anali atasaina pempho lake ku bungwe la European Union. Ku California lamulo lina linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2025, lokakamiza masitolo kuuza wogula poyera kuti akulipirira chilolezo chogwiritsa ntchito gemu, chimene chingathe kulandidwa. Wofuna kupulumutsa ndalama ayenera tsono kufunsa funso limodzi asanayang'ane mtengo, lakuti kodi gemuyi imaseweredwa popanda intaneti? Sitolo ya GOG, ya ku Poland, imalola wogula kukopa gemu yonse ndi kuisunga yekha, ndipo kusiyana kumeneku n'koyenera madola angapo oonjezera.

Za kulipira mwezi ndi mwezi, monga Xbox Game Pass imene inayamba mu 2017, masamu ake ndi achidule. Mu Okutobala 2025 gawo lake lapamwamba linakwezedwa kufika madola 29.99 pa mwezi, ndiye kuti pafupifupi madola 360 pa chaka, mtengo wa magemu atsopano asanu, ndipo wosiya kulipira amatsala chimanjamanja ngati wotuluka m'nyumba ya lendi. Zimapindulira mwana wa sukulu amene alipira mwezi umodzi wa tchuthi, nasewera zimene ankafuna, nakumbukira kuletsa malipirowo mwezi usanathe.

Kwatsala magemu otchedwa aulere, amene makolo ambiri amapumira nawo m'mwamba poganiza kuti nkhani ya ndalama yatha. Magemu otere amalowetsa munthu pakhomo mosalipiritsa, nkumamugulitsa zovala za zidole, zida ndi timatumba tobisika timene wogula sadziwa za m'kati mwake. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti timatumba totere ndi juga, ndipo mu Januwale 2019 Electronic Arts inasiya kugulitsa m'dzikomo mapointi ogulira timatumba ta osewera mu FIFA, ngakhale kuti gemuyo inali yogula kale ndi ndalama. Ku Amereka, bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linasumira Epic Games chifukwa cha gemu yaulere ya Fortnite. Dandaulo linali lakuti mabatani anasanjidwa mwa njira yoti munthu akangodina limodzi molakwitsa ndiye kuti wagula, ndiponso kuti kufikira 2018 ana ankatha kugula zinthu ndi khadi la ku banki la makolo awo, limene nambala yake inasungidwa m'makina, popanda kufunsa aliyense. Mu Disembala 2022 kampaniyo inavomera kulipira madola 520 miliyoni, ndipo mwa ndalamazi madola 245 miliyoni anali obwezera ogula. Gawo loyamba la ndalama zobwezazo linatumizidwa mu Disembala 2024, ndipo pogawa mofanana aliyense analandira pafupifupi madola 114.